Mabuku a mbiri ndi ndale za Malawi: poyambira, mowerengera ndi kowapeza

Semesita iliyonse nkhani yake ndi yomweyi. Alekichala apereka mndandanda wa mabuku wodzadza masamba atatu, asayimenti ikufunika pakatha masabata awiri, ndiye kalasi yonse ikuthamangira buku limodzi lomwe laibulale ili ndi kope limodzi lokha, kopelonso wina analibisa kale pashelefu ya mabuku a sayansi kuti aziwerenga yekha. Izi ndalembera inu amene mukuchita History, Political Science, Sociology kaya zachipembedzo ku Chanco, Mzuni, Cunima, Unilia, ngakhalenso a ku Domasi ndi Nalikule amene mawa lino mukhala mukuphunzitsa ana mbiri kusekondale.

Musayambe ndi buku, yambani ndi funso. "Ndikulemba za Chilembwe" si funso limenelo, ndi mutu chabe, ndipo mutu umangokuchititsani kukopera chilichonse chomwe mwapeza chili ndi dzina la Chilembwe mpaka masamba khumi akwane. Funso ndi ngati ili: n'chifukwa chiyani pa 23 Januwale 1915 anthu a Chilembwe analunjika pa esiteti ya A.L. Bruce ku Magomero? Mukakhala ndi funso lotere mndandanda wa alekichala uja umachepa wokha, mabuku 30 aja amatsala anayi kaya asanu okukhudzani.

Kenako pezani mabuku awiri oti azikulozerani njira. Loyamba ndi Historical Dictionary of Malawi la Owen Kalinga. Silowerenga kuyambira kuchikuto ayi, mumangotsegula pa dzina la munthu, chipani kaya malo, mupeza ndime zingapo zokuuzani kuti anali ndani ndipo zinachitika liti. Kumayambiriro kuli mndandanda wa zaka, kumapeto kuli mndandanda wautali wa mabuku ogawidwa potengera nkhani, ndipo kumapetoko ndi kumene kuli phindu lenileni. Lachiwiri ndi A History of Malawi 1859–1966 la John McCracken lomwe linatuluka mu 2012, masamba pafupifupi 500. Mkuluyu anaphunzitsapo ku Chanco ndipo kwa ine ili ndiye buku lomwe wophunzira mbiri aliyense ayenera kuligwirako asanamalize digiri. Pitani ku indekisi kumapeto, pezani nkhani yanu, werengani masamba amenewo, ndiye muyang'ane timawu ta m'munsi mwa tsamba tija ambiri mumangotidumpha. M'menemo ndi momwe wolemba akukuuzani komwe anatenga mfundo yake. Mukaona dzina la buku limodzi likubwerezedwa katatu kanayi pa nkhani yanu, basi limenelo ndi lotsatira kulisaka.

Timawu timeneti tili ndi zidule zake. MNA ndi nkhokwe ya zolemba zakale ya boma ku Zomba, S1 ndi mafayilo a ofesi yaikulu ya boma la atsamunda, NS, NC ndi NN ndi mafayilo a chigawo cha kummwera, pakati ndi kumpoto. CO 525 ndi makalata a Nyasaland osungidwa ku Kew, London. Mukadziwa izi mumatha kuona msanga ngati wolemba akudalira zonena za bwana DC zokhazokha kapena anafunsako anthu kumudzi.

Dziwani kuti McCracken akuyambira 1859 pomwe Livingstone anafika kuno, ndiye ngati nkhani yanu ndi ya Amaravi, Kalonga, Undi, Lundu, simupeza zambiri mmenemo. Kumeneko pitani kwa Kings Phiri, amene pamodzi ndi Kalinga ndi H.H.K. Bhila analemba chaputala cha dera lathu lino mu voliyumu 5 ya General History of Africa ya UNESCO, ndipo imeneyo ndi yaulere pa intaneti. Pali River of Blood la Matthew Schoffeleers la 1992 lonena za Mbona ku Nsanje, ndi Archaeology and Oral Tradition in Malawi la Yusuf Juwayeyi la 2020, amene anakumba pa Mankhamba ku Dedza n'kuyerekeza zomwe anapeza pansi ndi zomwe akuluakulu amasimba pakamwa.

Tsopano apa ndi pomwe ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ndi pomwe mamakisi amapezeka kapena kutayika. Musanawerenge mzere uliwonse, onani chaka chomwe bukulo linatuluka, amene analilemba, ndi komwe anali pomwe amalemba. Kwa ife kuno zimenezi si zamasewera.

Tengani British Central Africa la Harry Johnston la 1897. Lili ndi zambiri zedi, mitundu ya anthu, zilankhulo, mitengo, nyama. Koma Johnston ndi amene anali mkulu wa boma la atsamunda kuyambira 1891, nkhondo zolimbana ndi Makanjira ndi mafumu ena a Chiyao zinachitika iye ali pampando, ndipo Mlozi anapachikidwa ku Karonga mu 1895 iye ali pomwepo. Ndiye akamafotokoza nkhondo zimenezi akufotokoza ntchito yake yomwe. Ligwiritseni ntchito ngati umboni wa mmene atsamunda ankaganizira, musalitenge ngati woweruza.

Nthawi ya Kamuzu nayo ili ndi vuto lake. Lamulo la censorship linabwera mu 1968, ndipo munthu wolemba ali mkati mwa dziko sakanatchula Chipembere kapena Kanyama Chiume mwaulemu n'kugona kunyumba kwake. Malawi: The History of the Nation la Bridglal Pachai la 1973 ndi buku labwino pa nkhani zambiri, koma likafika m'ma 1960 muliwerenge mukukumbukira kuti linalembedwa nthawi imeneyo. Banda la Philip Short la 1974 linasindikizidwa kunja, linanena zomwe a kuno sakanatha kunena, ndipo linali loletsedwa mdziko muno. Kalinga analembapo nkhani mu African Affairs mu 1998 yofotokoza mmene Johnston, Society of Malawi ndi Kamuzu anaumbira kalembedwe ka mbiri yathu m'ma 1960, ipezeni imeneyo, si yaitali koma ikusinthani kawerengedwe.

Itadutsa referendamu ya 14 Juni 1993 ndi chisankho cha 1994 kunabwera mabuku a anthu amene anazunzika, Political Prisoner 3/75 la Sam Mpasu, Fearless Fighter la mayi Vera Chirwa, ndi la Jack Mapanje lonena za ku Mikuyu. Ndi umboni wamphamvu ndipo musaupeputse. Komabe munthu akamasimba moyo wake amasimba zomwe iye anaona ndi zomwe wasankha kukumbukira, patatha zaka 20 kaya 30, ndiye masiku ndi manambala muwatsimikize kwina.

Chifukwa chake lamulo langa ndi lakuti pa nkhani iliyonse mupeze olemba awiri osagwirizana. Amfumu saweruza mlandu wa malire atamva mbali imodzi, inunso chimodzimodzi. Tibwerere kwa Chilembwe muone mmene zimakhalira. Independent African la George Shepperson ndi Thomas Price la 1958 ndiye gwero lalikulu, likutsata Chilembwe kuchoka kwa mmishonale Joseph Booth, kupita ku America, kubwerera kudzayambitsa mishoni ya Providence Industrial Mission (PIM) ku Mbombwe mu 1900, ndipo likumuona ngati kalambulabwalo wa ndale zomenyera ufulu. Onaninso chaka, 1958, chomwecho Kamuzu anabwerera kumudzi nkhani ya chitaganya itafika povuta. George Simeon Mwase analemba zake ali m'ndende ku Zomba kumayambiriro kwa m'ma 1930, atamva kwa mkaidi mnzake amene anali nawo pa kuukirako, ndipo Robert Rotberg anazisindikiza mu 1967 ndi mutu wakuti Strike a Blow and Die. Kwa Mwase, Chilembwe ankadziwa kuti sapambana, anangofuna kuti azungu amve kuti zafika posauzana. Jane ndi Ian Linden mu nkhani yawo ya 1971 mu Journal of African History akuti tisaiwale chikhulupiriro cha masiku otsiriza chomwe chinali ponseponse nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Landeg White mu Magomero la 1987 sakuyambira kwa Chilembwe n'komwe, akuyambira pamudzi, pa Alomwe ochokera ku Mozambique, pa thangata, pa nkhanza za William Jervis Livingstone amene ankayang'anira esiteti n'kumaotcha matchalitchi a PIM. D.D. Phiri mu Let Us Die for Africa akulemba ngati Mmalawi wofuna kuti ngwazi yake imveke bwino. Ndiye pali Voices from the Chilembwe Rising lomwe McCracken anasonkhanitsa mu 2015, mmene muli mawu a mboni zomwe zinaonekera pamaso pa komiti yofufuza ya boma mu 1915. Mukaika awiri kaya atatu mwa amenewa pamodzi n'kunena kuti ine ndikugwirizana ndi uyu pa chifukwa ichi, imeneyo ndiye asayimenti ya kuyunivesite. Kungofotokoza kuti Chilembwe anabadwira kuti n'kufera kuti ndi za Fomu 2.

Mkangano wa nduna wa Seputembala 1964 ndi chimodzimodzi. Colin Baker mu Revolt of the Ministers la 2001 ali ndi tsatanetsatane wa tsiku ndi tsiku, zambiri kuchokera m'mapepala ndi m'makumbukiro a akuluakulu a boma achizungu kuphatikizapo bwanamkubwa Glyn Jones. Andrew Ross mu Colonialism to Cabinet Crisis anali m'busa wa ku Scotland amene ankadziwana ndi ndunazo ndipo anachoka mdziko muno mu 1965 zinthu zitaipa, ndiye mtima wake uli poonekera. Chiume analemba zake ali kunja. Joey Power mu Political Culture and Nationalism in Malawi la 2010 akusonyeza kuti kuopseza otsutsa sikunayambe 1964, kunayamba kale chipani cha MCP chikumenyerabe ufulu ndunazo zili momwemo. Mfundo imeneyi ambiri siiwasangalatsa koma muyenera kulimbana nayo.

Nanga nthawi yowerenga zonsezi ichokera kuti? Simuwerenga zonse aise. Buku la maphunziro siliwerengedwa ngati nthano. Werengani mawu oyamba onse mosamala chifukwa mmenemo wolemba amanena chomwe akufuna kutsimikiza ndi amene akutsutsana naye, dumphirani ku chaputala chomaliza, kenako musankhe chaputala chimodzi kaya ziwiri zokhudza funso lanu, zimenezo ndiye muwerenge mzere ndi mzere. Njira ina yachidule yomwe ambiri saidziwa ndi ma review. Buku lililonse lalikulu linaunikidwapo mu Journal of African History, African Affairs, Journal of Southern African Studies kapena Society of Malawi Journal, masamba awiri okha, ndipo katswiri wina akukuuzani mphamvu ndi zofooka zake. Werengani review musanatsegule bukulo, koma musalembe ngati mwawerenga buku pomwe mwangowerenga review, alekichala amene analiwerenga amadziwa pa funso limodzi lokha.

Polemba manotsi, nambala ya tsamba ilembedwe nthawi yomweyo pambali pa mfundo iliyonse. Mawu amene mwakopera ndendende muwaike m'zizindikiro zogwira mawu pomwepo, maganizo anu muwalembe ndi cholembera cha mtundu wina kaya mbali ina ya pepala. Kubera kwambiri komwe anthu amagwidwa nako sikuchita kufuna, ndi manotsi osakanikirana omwe patatha mwezi munthu sakudziwanso kuti chiganizo ichi ndi chake kapena cha McCracken. Amene muli ndi laputopu ikani Zotero, ndi yaulere, imasunga mabuku onse ndi kukukonzerani mndandanda wa kumapeto mu sitayilo yomwe dipatimenti ikufuna. Ndipo chonde, ma AI awa amatha kukupangirani dzina la buku lomwe kulibe, wolemba weniweni, chaka chooneka bwino, koma buku lopeka. Chilichonse chomwe simunachione ndi maso anu mu katalogi kapena pa Google Scholar chisalowe mu pepala lanu.

Kowapeza tsopano. Laibulale ya Chanco ili ndi gawo la mabuku a za Malawi okhaokha lotchedwa Malawiana, owerengera pomwepo, ndipo kumapezekanso mapepala a kafukufuku amene ophunzira a History akale analemba atafunsa akuluakulu m'midzi, ena mwa akuluakuluwo anaona nkhondo ya 1914 ndi maso. Anthu amawanyoza poti ndi a ana asukulu koma akatswiri akunja amawatchula m'mabuku awo. A ku Mzuni mukudziwa kuti laibulale yanu inapsa mu Disembala 2015, ndiye buku lakale likasowa musadabwe, yesani ku National Library kapena mufunse anzanu a ku Zomba akujambulireni chaputala pafoni. Ku Blantyre kuli laibulale ya Society of Malawi pamwamba pa Mandala House, nyumba ya 1882 ija, kuli mabuku akale, zithunzi ndi magazini yawo kuyambira 1948 ikutchedwa Nyasaland Journal.

Ku National Archives ku Zomba pitani ndi kalata ya ku dipatimenti ndi chiphaso, ndipo mupite mutalemba kale manambala a mafayilo amene mwawaona m'mabuku a ena, apo ayi tsiku lonse lithera pa katalogi. Dziwaninso kuti mu 1919 moto unaononga mafayilo a ofesi yaikulu ya boma ku Zomba, chifukwa chake za zaka zoyambirira za atsamunda zambiri zimachokera ku London ndi m'mabuku a mamishoni. Pomwepo palinso laibulale yomwe mwalamulo imalandira kope la chilichonse chosindikizidwa mdziko muno, timabuku ta Chichewa ndi Chitumbuka tomwe simungatipeze kwina kulikonse.

Pa intaneti, funsani kaye a laibulale ya pasukulu panu kuti sukulu ikulipirira chiyani kudzera ku MALICO, mgwirizano wa malaibulale a mdziko muno, chifukwa ophunzira ambiri amamaliza zaka zinayi osadziwa kuti pa Wi-Fi ya pakampasi magazini ena odula amatseguka. JSTOR imalola munthu aliyense kutsegula akaunti yaulere n'kumawerenga nkhani zingapo pamwezi, kuwerenga kokha osati kudawuniloda, ndipo Society of Malawi Journal ili mmenemo. AJOL ili ndi magazini a mu Africa kuphatikizapo Journal of Humanities ya ku Zomba. Mabuku akale kwambiri ngati la Johnston ali pa Internet Archive. Chinsinsi china ndi ichi, mabuku ambiri odulawa anayamba ngati PhD, ndipo mayunivesite ngati Edinburgh ndi SOAS anaika ma thesis awo pa intaneti mwaulere, ndiye sakani dzina la wolemba pamodzi ndi mawu akuti thesis. Pa Google Scholar mukapeza nkhani yakale dinani pa "Cited by" muone amene anaiyankha posachedwapa. Zikakanika zonse lemberani wolembayo imelo yaulemu yaifupi, kuti ndine wophunzira wa chaka chachinayi ndikulemba za chakuti, ambiri amatumiza PDF. Bandulo ikakhala yochepa gawanani, wina asake za uyu wina za uyo muponyerane pa gulu la WhatsApp.

Zogula, mabuku osindikizidwa ku Ulaya ndi America mtengo wake ungathe ndalama ya chakudya ya mwezi, musadzivute. Yang'anani a Kachere ku Zomba, Mzuni Press ndi Luviri Press ku Mzuzu, amenewa ndi ofikirika ndipo Kachere inasindikizanso mabuku akale ofunika ngati Independent African ndi Politics and Christianity in Malawi la McCracken. A Malawi Church History 1860–2020 la Kenneth Ross ndi Klaus Fiedler ndi la Mzuni Press. Ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu ku Limbe ndi ku Lilongwe musawadutse, nthawi zina pansi pa mulu wa manovelo pamakhala Pachai.

A Political Science ndi Sociology, vuto lanu ndi lina, mabuku anu amakalamba msanga. Government and Politics in Malawi lomwe anakonza Nandini Patel ndi Lars Svåsand linatuluka koyamba mu 2007, ndi poyambira pabwino pa nyumba ya malamulo, zipani ndi makhoti, koma silingakuuzeni za chigamulo cha pa 3 Febuluwale 2020 chomwe chinafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019 n'kunena kuti wopambana azipeza mavoti oposa theka. Chigamulocho chiwerengeni chenichenicho pa MalawiLII, tsamba la intaneti la malamulo ndi zigamulo za makhoti, n'chachitali koma muli zonse. Manambala tengani ku NSO, ofesi ya boma yoona za kalembera, kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni, ndipo maganizo a anthu pa demokalase, mafumu kaya katangale ali pa Afrobarometer yomwe yakhala ikufunsa Amalawi kuyambira 1999. Malipoti a mabungwe ndi othandiza koma onani amene analipira kafukufukuyo. Pa nkhani ya mitundu ndi zigawo, chaputala cha Leroy Vail ndi Landeg White mu The Creation of Tribalism in Southern Africa la 1989 n'chosathawika ngakhale mutatsutsana nacho. Harri Englund analemba buku lonse pa pulogalamu ya Nkhani Zam'maboma ya pa MBC, lomwe ndimakonda kulozera aliyense woganiza kuti zinthu za tsiku ndi tsiku si zoyenera kafukufuku.

Musaiwale olemba athu akale amene analemba m'zilankhulo zathu. Mbiri ya Achewa la Samuel Josia Ntara, Chiikala cha Wayao la Yohanna Abdallah la 1919, ndi zolemba za Yesaya Chibambo zokhudza Angoni a kwa M'mbelwa. Nawonso muwafunse mafunso omwe aja, Ntara anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, Abdallah anali wansembe wa Anglican, Chibambo anali wa Livingstonia komanso wapafupi ndi ufumu wa Angoni, aliyense anali ndi chomwe ankafuna mtundu wake udziwike nacho.

Ndipo ngati mabuku ali chete pa funso lanu, onani zomwe anachita Megan Vaughan mu The Story of an African Famine la 1987. Mafayilo a boma ankakamba za chimanga ndi mvula pa njala ya 1949, koma za amuna amene anathawa mabanja awo anazipeza mu nyimbo zomwe amayi a m'boma la Blantyre ankaimba posinja. Elias Mandala anachitanso zofanana ku Chikwawa ndi Nsanje, Wapulumuka Mulwafu pa nkhani ya malimidwe. Inunso agogo akumudzi amene anagula khadi la chipani, anapita ku Wenela kaya anavina pamaso pa Kamuzu ndi gwero lovomerezeka bola muchite mwadongosolo. Apempheni chilolezo musanayatse rekoda ya pafoni, afotokozereni kuti mawu awo apita kuti, afunseni ngati akufuna dzina lawo lilembedwe kapena ayi. Lembani tsiku, mudzi, mfumu yaikulu ndi boma, ndipo zomwe anena muzilembe m'chilankhulo chomwe ayankhula musanazimasulire. Madipatimenti ambiri amafuna muyambe mwapeza chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku, ndiye afunseni a supavaiza anu za fomu imeneyo musanakwere minibasi.